Mbuzi Tinadya, Koma Dzanja Silinabwerere

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Sinda, ndimagulitsa matimati ndi anyezi m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata. Anthu kuno amandidziwa kuti pakamwa panga sipasunga mawu, koma nkhani iyi yandikanika kuikamba ndi aliyense wapafupi, chifukwa aliyense wapafupi anadyako nyama yake. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu amene simunailawe. Mayina ndawasintha, koma zina zonse ndi momwe zinachitikira.

Amuna anga, a Fackson, agwira ntchito zaka zambiri pa makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa pa Sinda pompano. Mwini makinawo ndi a Godfrey, mkulu wa mpingo kwathu, ndipo ine ndi akazi awo timakhala benchi limodzi ku Chigwirizano cha amayi a mpingo. Nyengo yachisanu ikafika, alimi amabwera ndi ngolo zodzaza matumba ndipo makina sapuma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Makinawo amakonda kutsamwa ndi zinyalala. Kuzimitsa injini, kuchotsa chotsamwitsacho, n'kuilizanso kumadya nthawi, ndipo alimi pamzere amayamba kung'ung'udza. Ndiye chivindikiro chachitsulo cha pakamwa pa makina anachichotsa kalekale n'kuchitsamiritsa kukhoma, ndipo aliyense wogwira ntchito pamenepo anazolowera kupisa dzanja makina akuyenda. A Fackson anachita zimenezo kwa zaka, mpaka ankanyadira kuti dzanja lawo n'lachangu kuposa la anzawo onse. Mwezi wa Juni chaka chino makinawo sanabweze dzanjalo. Ku chipatala ku Katete madokotala analidula pamwamba pa mfundo yolumikiza dzanja ndi mkono. Linali lamanja.

Ndisawanamizire a Godfrey. Tsiku limenelo ndi iwo amene ananyamula amuna anga pa galimoto yawo, malaya awo ali magazi okhaokha, ndipo ndinawapeza atakhala pansi pakhonde la chipatala akulira ngati mwana. Masiku onse amene tinali kumeneko ankabwera ndi shuga, sopo ndi buledi. Mtima wanga unawayamika, ndipo mpaka lero mbali ina ya mtimawu ikuwayamikabe. Chimenechi ndiye chikundivuta, chifukwa akanakhala munthu woipa ndikanadziwa chochita.

A Fackson atatuluka m'chipatala, a Godfrey anatumiza ndalama ya basi ku Vubwi kuti abwere a Rabson, malume awo a amuna anga. Inu mukudziwa mwambo wathu wa Chichewa. A Fackson ndi mkamwini, amakhala pamudzi pathu, ana ndi a mtundu wanga. Koma mwamuna ndi wako pa khasu ndi pa mphasa basi. Akavulala kapena akamwalira, amabwerera kwa eni ake. Choncho nkhani ya dzanja limene lakhala likudyetsa ana anga inakambidwa pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo panga, ine mwini ndili kuseri kwa mpanda ndi amayi anzanga, ndikumvetsera m'mipata ya udzu.

A Godfrey anabwera ndi akulu a mpingo awiri, akukoka mbuzi yofula yonenepa bwino. Anagwada pa fumbi, munthu wamkulu ngati uja, n'kunena kuti, "Abale anga, ngoziyi yachitikira m'manja mwanga, ndipo ndabwera kudzapepesa. Kambuzi aka n'kochepa, koma kalandireni. Pempho langa ndi limodzi: nkhaniyi ithere pabwalo pano, isakafike ku maofesi. Ndife a mpingo umodzi, tisakavulane pamaso pa anthu akunja." Kenaka analonjeza zinthu ziwiri. A Fackson apitiriza kulandira malipiro ngati mlonda wa pageti masana. Ndipo mwana wathu woyamba, Dorcas, amene wamaliza giredi 12 n'kukhoza bwino, amulipirira sukulu ya zamalamulo mpaka adzamalize.

A Rabson sanachedwe n'komwe. Anati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Za ku maofesi tidaziona ife, munthu amatha nsapato n'kumwalira asanalandire kanthu. Talandira, mlandu watha." Amuna onse anaomba m'manja kutseka nkhani. A Fackson analibe choombera, ndiye anangoweramitsa mutu, malume awo n'kuomba mwamphamvu ngati akuombera anthu awiri. Mbuzi inaphedwa. Ndinaiphika ndine, ndi matimati anga omwe, koma ine sindinailawe.

Zinakhala choncho mpaka mwezi watha, pamene tinapita kukaonetsa chilonda ku chipatala. Namwino wina wachikulire amene ankamanga bandeji anafunsa mongocheza kuti, "Nanga ku bungwe la chipukuta misozi cha ogwira ntchito anakuyankhani chiyani?" Ife tinangoyang'anana. Anatifotokozera kuti boma lili ndi bungwe limene limathandiza anthu ovulala pantchito, kuti ofesi yake ili ku Chipata, kuti ena amalandira kanthu mwezi ndi mwezi, ena amawathandiza kupeza dzanja lochita kupanga. Ananenanso kuti nkhani zotere zili ndi nthawi yake, ukachedwa chitseko chimatsekeka. Pamene ankanena zimenezi a Fackson anali akuyang'ana pawindo ngati zikukambidwazo n'za munthu wina.

Mu minibasi pobwerera sindinalankhule, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti chimenecho n'chozizwitsa. Titafika kunyumba ndinayamba. A Fackson anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya, kenaka anati, "Amake Dorcas, mbuzi tinadya. Mukufuna anthu azinena kuti Fackson anasanza zimene anadya? Dzanja lapita kale. Lisiyeni liphunzitse mwana." Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi sanaiyankhenso. Ndikaiyamba amatuluka panja.

Aphungu, bambo awa ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana. Anali munthu woseketsa anthu ngakhale pamaliro. Lero amadyera m'nyumba okha chitseko chotseka, chifukwa akuti sangadye ndi lamanzere pamaso pa amuna anzawo. Kutchalitchi amatuluka nyimbo yomaliza isanathe kuti asapatsane moni ndi anthu. Munda wa chimanga chaka chino sindikudziwa alima ndani, ndipo mvula ndi iyi yayandikira. Pageti paja amakhala pa mpando tsiku lonse kuyang'ana ngolo zikulowa, koma mpendadzuwa ukatha makina amatsekedwa, ndipo sindikudziwa ngati mlonda wa masana adzafunikabe pa geti lotseka. Ndimawamvera chisoni mpaka kupsa mtima, ndipo nthawi zina sindidziwa kuti ndakwiyira ndani.

Tsono pali Dorcas. Mwanayu anatengera pakamwa panga, kungoti pake pali nzeru. Kuyambira ali wamng'ono amati adzakhala loya, ndipo aphunzitsi ake ankati angathe. Analembera ku yunivesite ya boma ku Lusaka, koma kumeneko amalimbirana anthu ambiri ndipo yankho silinabwere. Pali koleji ina yapulayiveti imene anthu ake anabwera ku Katete ndi tenti ndi zokuzira mawu, akugawa timapepala tonyezimira ta achinyamata ovala mikanjo yakuda. Anayang'ana zotsatira za Dorcas n'kumulandira tsiku lomwelo. A Godfrey akufuna imeneyo, akuti fizi yake amalipira pang'onopang'ono, ndiponso mwana amaphunzira ali kunyumba pa foni, ku Lusaka amangopitako milungu yochepa pa teremu. Mphunzitsi wake wakale akuti kuli ina, yapulayivetinso, yodziwika bwino koma yodula, ndipo imeneyo a Godfrey sakufuna n'kuimva komwe. Ine sukulu ndinalekera giredi 7, sindidziwa kusiyanitsa. Kwa ine zonse ndi mikanjo yakuda basi.

Nditamuuza Dorcas za ku Chipata anandiyankha ndi Chinyanja chake cha m'tauni, "Amayi, iyi ni chansi yanga. Mukayenda kuja a Godfrey azakalipa, azaleka kulipila, manje ine nizankhala chabe pa msewu kugulitsa matimati monga imwe." Mawu amenewo anandilasa. Sindinamumenye, ndinangonyamula ndowa kukatunga madzi amene sindinkawafuna.

Choncho ndaima pakati. Ndikakhala chete, amuna anga atsala ndi mbuzi imene inatha tsiku limodzi ndi lonjezo la pakamwa, ndipo chitseko chija chitsekeka tikuyang'ana. Ndikalankhula, ndikhala mkazi amene ananyoza malume a mwamuna wake, amene anasumira mkulu wa mpingo atagwada pa fumbi, amene anatsekera mwana wake yemwe sukulu. Yunifolomu ya Chigwirizano sindidziwa ngati ndingadzaivalenso. Ndili ndi mantha, ndipo ndatopa nawo.

Ndiuzeni zoona, Aphungu. Kodi mbuzi ikadyedwa, ngakhale boma limati mlandu watha? Kodi tikapita ku Chipata a Godfrey awamanga? Ndingapite ndekha amuna anga osadziwa? Nanga za sukuluzi, mwana alowe iti? Musandinyengerere, ndine munthu wozolowera dzuwa.

A. M., Sinda


Mayi A. M.,

Pepani kwambiri ndi zimene zagwera banja lanu, ndipo muwapepesere a Fackson m'malo mwanga. Mwati ndisakunyengerereni, ndiye khalani bwino pa mpando.

Ndiyambe ndi mbuzi. Ine sindinyoza mwambo umenewo, ndinakulira momwemo. Chipepeso chimatsuka mitima kuti anthu amene anapwetekana athe kupatsananso moni panjira ndi kuthandizana pamaliro. Ntchito imeneyo mbuzi ya a Godfrey inaigwira, ndipo palibe akukuuzani kuti muibweze. Koma chipepeso ndi chipukuta misozi cha wogwira ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makolo athu pokhazikitsa za mbuzi ankaganiza za ng'ombe imene yadya chimanga cha mnansi, kapena anthu amene amenyana pamowa. Sankadziwa za makina amene amalanda munthu ntchito ya moyo wake wonse. Monga ndikudziwira ine, ufulu wa munthu wovulala pantchito sugulitsidwa ndi pangano la pansi pa mtengo, ngakhale mwini wake atavomera, nanji pamene ovomerawo ndi malume. A Rabson ndi mwini mbumba, ulemu wawo tiwapatse, koma pamaso pa lamulo mwini dzanja ndi a Fackson. Yankho la funso lanu loyamba ndi lakuti ayi, mlandu sunathe.

Chachiwiri, inu nonse, kuyambira a Rabson mpaka inuyo, mwasokoneza kupempha chipukuta misozi ndi kusumira munthu. Bungwe limene namwino uja anakuuzani lili ngati nkhokwe imene olemba anthu ntchito amathiramo kanthu nthawi ndi nthawi, kuti tsiku la ngozi wovulalayo akatape m'menemo. Kawirikawiri thandizolo silichokera m'thumba la bwana tsiku limenelo, ndipo sipafunika kuti wina apezeke kaye wolakwa. Ndiponso udindo wokanena za ngozi ku bungwelo ndi wa mwini ntchito. Tsono dzifunseni: ngati zili choncho, a Godfrey akuopa chiyani? Mwina nawonso sadziwa, monga simunadziwire inu. Mwina antchito awo sanawalembetse ndipo m'nkhokwemo sanathiremo kanthu. Mwina akukumbukira chivindikiro chotsamira khoma chija. Ngati ndi ziwiri zomalizazi, adzakhala ndi mafunso oti ayankhe, mwinanso chindapusa choti alipire. Sindingakulonjezeni kuti atuluka osapsa, koma nkhani zotere sizimayamba ndi unyolo, ndipo sindinu amene munakoleza motowo.

Sindikukana kuti a Godfrey analira ndi mtima wonse. Munthu akhoza kukhala wachifundo ndi wamantha nthawi imodzi, ndipo ambiri a ife ndife otero. Koma onani pamene chifundo chawo chinathera ndi pamene mantha anayambira. Shuga ndi sopo zinalibe pempho kumbuyo kwake. Fizi ya Dorcas inabwera ndi pempho. Mphatso yeniyeni idzaima ngakhale mutapita ku Chipata. Ikagwa chifukwa mwapita, mudzadziwa kuti unali mtengo wokutsekerani pakamwa. Ndipo ganizirani kutalika kwa ulendowo. Maphunziro a zamalamulo ndi zaka zingapo, osati nyengo imodzi ya mpendadzuwa. Chilala chikhoza kubwera, makina akhoza kufa, a Godfrey eni ake ndi munthu ngati ife tonse, ndipo odzalowa chuma chawo sanagwade pa fumbi lanu. Tsiku limene fizi idzaleke kubwera, nthawi ya lamulo idzakhala itapita kale, ndipo mudzakhala mutataya zonse ziwiri.

Akuluakulu amati mlandu suola. Kumudzi n'zoona, koma ku ofesi umaola, ndipo wanuwu wakhala kale padzuwa kuyambira Juni. Musadikire kuti mudzale kaye kapena kuti Khirisimasi idutse. Sabata ino kwerani basi ya ku Chipata mukafunse. Kufunsa si kusuma. Auzeni zonse monga mwandiuzira ine, za mbuzi zomwe, ndipo afunseni tsiku limene chitseko chimatsekeka, zimene zimachitika ngati mwini ntchito sanakanene za ngozi, ndiponso ngati antchito ake sanawalembetse. Mukadutsenso ku ofesi ya zantchito, ndi kwa maloya a boma othandiza anthu osowa, aja a Ligo Eidi. Kunyumba sonkhanitsani khadi la kuchipatala, chitupa cha a Fackson, mameseji a pa foni ngati malipiro ankabwerera momwemo, ndipo pemphani dokotala alembe lipoti la kuvulalako. Sungani mayina a anzawo a pantchito ndi alimi amene anali pamzere tsiku lija, anthu asanayambe kuiwala mwadala.

Aliyense akabwera ndi pepala loti a Fackson asayine kapena adinde chala, ngakhale atayamba ndi pemphero, asadinde loya asanaliwerenge. Chenjeraninso ndi anthu oima pamakomo a maofesi amene amati akufulumizirani zinthu mukawagawirako. Njirayi si yachangu, pamenepo a Rabson sananame. Madokotala adzayeza kaye kukula kwa kulumalako, ndipo mudzayendako kangapo. Komabe kutha nsapato kuli bwino kusiyana ndi kutha zaka pa geti la munthu.

Mwafunsa ngati mungapite amuna anu osadziwa. Kukafunsa mungathe nokha, ngakhale ndikanakonda muwauze kuti mukupita. Koma kupempha kwenikweni ayi. Nkhaniyi ndi yawo, ndipo popanda iwo siyenda. Ndiye mukabwerako ndi mayankho, tsatani njira ya kwanu komweko. Tumani nkhoswe yanu, mlongo wanu kapena malume anu, akaonane ndi a Rabson mwaulemu, awauze kuti chipepeso chinalandiridwa ndipo palibe akuchibweza, koma pali gawo la boma limene mwana wa mlongo wawo ayenera kulandira. Munthu wamkulu amakwiya akamva nkhani itachitika kale. Akaimva isanachitike, nthawi zambiri amaitenga nzeruyo ngati yake. Kenaka pemphani abusa akuperekezeni kwa a Godfrey, muwapatse mpata wokanena okha za ngoziyo, monga anayenera kuchitira poyamba. Muwapatse masiku ochepa, osati miyezi. Akakana, inu pitirizani. Za yunifolomu musade nkhawa kwambiri. Amayi amene adzakulozeni chala nawonso ali ndi amuna ndi ana amene amapisa manja m'makina a anthu, ndipo ena mwa iwo adzabwera mwakachetechete kudzakufunsani njira.

Tibwere kwa Dorcas. Mawu a matimati aja anali a mwana wamantha, mukhululukireni, koma mumuuze kuti matimatiwo ndi amene anamufikitsa giredi 12. Pa nkhani ya sukulu, musayambe ndi funso loti yotchipa ndi iti kapena ya timapepala tokongola ndi iti. Yambirani kumapeto kwa msewu. Kuno kwathu digiri yokha siimuimiritsa munthu m'khoti. Akamaliza ayenera kupita ku ZIALE ku Lusaka, kumene amasula maloya, n'kukhoza mayeso amene amagwetsa anthu ambiri. Choncho funso loyamba pa sukulu iliyonse mwa zitatuzo ndi lakuti, kodi boma linaivomereza, ndipo kodi a ZIALE amalandira digiri yake? Yankho limenelo musalitenge kwa anthu a tenti. Dorcas akalifunse kwa a ZIALE eni ake ndi ku bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Afunsenso kuti mwa ana amene anatuluka pamenepo ndi angati anakhoza mayeso aja. Sukulu yabwino imanena mosanyinyirika. Afufuze ngati kuli laibulale yeniyeni, ngati aphunzitsi amakhala pompo kapena amangodutsa, ndipo acheze ndi ophunzira awiri atatu amene sali pa kapepala.

Koleji ya tentiyo sindikuidziwa ndipo sindiinyoza, koma sukulu yolandira mwana tsiku lomwelo ifunseni kawiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuphunzira pa foni kumawayenera anthu akuluakulu amene ali kale pantchito. Kwa mtsikana wongochoka ku sekondale, wokhala pakhomo pamene netiweki imabwera ndi mphepo ndipo mbale zimamudikira, n'kovuta kwambiri. Yunivesite ya boma musaitaye mtima msanga, ndipo afunse za ngongole ya boma ya ophunzira, imene singadzamuuze kuti atate ake atseke pakamwa. Akapanda kusankhidwa chaka chino, chaka chimodzi si imfa. Alembenso, ndipo podikira azipita kukakhala kumbuyo m'khoti ku Katete kumvetsera milandu. Ku Chipata mupite naye. Mafunso afunse ndi iyeyo, mayankho alembe ndi iyeyo. Ngati akufunadi kukhala loya, aone ndi maso ake kuti lamulo analipangira anthu ngati atate ake.

Chenjezo langa lomaliza ndi ili. Nkhondo yanu yaikulu siili ku Chipata kapena kwa a Godfrey, ili m'nyumba mwanu, ndipo simudzaipambana ndi kukuwa. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Malume anagamula, bwana anapempha, mwana analira za iye mwini, inu munalankhula, koma sindinaone pamene wina anawafunsa a Fackson kuti iwo akufuna chiyani. Bambo amenewa sakuteteza mbuzi, ndiponso sakuteteza a Godfrey. Akuona ngati sangalimenso, sangafinyenso mafuta, ndipo chinthu chimodzi chimene chawatsalira choti apatse mwana wawo ndi kukhala chete. Mukawalanda chimenecho mwaukali, mudzakhala mutawadula kachiwiri. Ndiye yambani ndi Dorcas. Akamvetsa zimene zili pamuyeso, akhale pansi ndi atate ake, awauze yekha kuti sakufuna digiri yogulidwa ndi dzanja lawo. Mawu amenewo inu simungamunenere, ine sindingamunenere. Koma asanawamve kuchokera kwa mwanayo, a Fackson sadzakwera basi ya ku Chipata, ndipo lamulo silidikira kuti banja ligwirizane kaye.

Aphungu